Kompyuta Yomwe Sinauzidwe Kuti Yasamuka

Alamu anga anali munthu woti akaona chinthu chonyezimira m'manja mwa wina, sankagona mpaka chikhale chawo. Ndikunena amuna awo a achemwali anga, amene anabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu kufupi ndi pa Mitundu atanyamula sutikesi imodzi ndi wailesi yomanga ndi mphira. Atsibweni anawaonetsa pomanga nyumba, amayi anawagawira munda, ndipo kwa zaka zingapo anakhala ngati munthu, kulima fodya ndi kuyankha moni. Kenaka kunabwera matipate.

Amene analipo akukumbukira mmene mabungwe ankamerera m'zaka zimenezo. Aliyense wotha kulumikiza mawu angapo a Chingerezi osapuma ankapeza mpando ndi chidindo. Alamu ankatha kuwalumikiza ndithu, kungoti ukawafunsa tanthauzo ankakwiya. Bungwe lina laling'ono lothandiza ana onyentchera litatsegula nthambi ziwiri, ina pa Mitundu ina pa Nathenje, linawaika iwo kukhala oyang'anira zonse. Anasankha kukakhala pa Nathenje. Kwa anthu ankati ntchito yaikulu ili kumeneko. Zoona zake n'zakuti pa Nathenje pali msewu wa tala pamene alendo a galimoto zazikulu amaima, ndiponso palibe apongozi. Anachita lendi kanyumba kuseri kwa golosale ya banja lina lachisilamu, ndipo kumudzi ankangobwera mwezi ukatha, nthawi zina ukatha ndi unzake womwe.

Akabwera, mudzi wonse unkadziwa. Anapitapo ku msonkhano wina ku hotela mtauni komwe anawapatsa kakhadi kolembedwa dzina kopachika pachifuwa, ndipo kakhadi kameneko ankapita nako ngakhale ku tchalitchi. Khasu anali ataliiwala kogwirira. Kangapo konse anapempha atsibweni kuti atenge achemwali chitengwa akakhale nawo pa Nathenje. Atsibweni ankayankha kuti munthu wolephera kufolera nyumba yomwe anapatsidwa ulere sangapatsidwe mkazi woti apite naye kolipira lendi. Amayi ankangoonjezera chapansipansi kuti mkamwini asamakule mwendo.

Ine ndinalowa ntchito pa nthambi ya pa Mitundu chifukwa ndinaphunzira kutayipa mtauni, ngakhale alamu ankauza aliyense kuti anandipezera ndi iwo. Ntchito yake inali yotere: amayi ankabwera ndi ana, namwino ankapachika mwana aliyense pa sikelo ya pakhonde n'kulemba pa khadi, ine n'kulowetsa msinkhu ndi kulemera kwa mwanayo mu kompyuta. Opezeka kuti akupepuka ankapatsidwa ufa wa phala wosakaniza soya ndi mkaka, ndi kabotolo ka mafuta. Mmodzi mwa ana amenewo anali wathu, mwana wamwamuna wa achemwali, amene kwathu kuno ndi mwana wanga ndithu. Chikuku chinamugwira atangosiya kuyamwa n'kumusiya ndi tsitsi lofiirira ndi timiyendo tokana kumunyamula. Nsima ankailavula. Phala la pa nthambi lokha ndilo linkakhazikika m'mimba mwake. Bambo ake, oyang'anira ana onyentchera a madera awiri, ankati mwanayo anangotengera thupi la kuchikazi.

Wosamala makompyuta athu anali bambo wina wa ku ofesi yaikulu mtauni, amene tinkangowatchula kuti akatswiri. Anali munthu wofatsa, wodziwa ntchito yake, koma woopa mabwana kuposa mmene ankaopera mphenzi. Ndipo mphenzi ndiyo inawabweretsa pa Mitundu chaka chimenecho. Inapsereza kompyuta yathu yakale, ndipo otithandiza a kunja anatitumizira yatsopano, yoyera mbee, yoonetsa zithunzi zautoto ngati kanema. Ya pa Nathenje inali yakale, ya zilembo zobiriwira pa mdima, yobuula ikamayaka.

Tsiku loilumikiza, akatswiri anatikhazika pansi, ine ndi alamu amene anabwera kudzaona, n'kutifotokozera mmene anakonzera zinthu. Pulogalamu yathu yolowetsera ana inali ndi kafayilo kake ka malangizo, koiuza posunga zinthu, mmene iwerengere, ndi dzina la dera loti idinde pa mwana aliyense. Kale akatswiri anali ndi timafayilo tiwiri, ka Mitundu ndi ka Nathenje, ndipo akakonza kena ankaiwala kanzake. Tsopano anapanga kamodzi kogwira konsekonse. Pamalo pa dzina la dera anangolembapo liwu lakuti MALO. Pulogalamu ikafika pa liwulo inkafunsa kompyuta yomwe ilimo kuti kodi kuno MALO ndi chiyani, ndipo kompyuta inkayankha zimene inauzidwa. Kompyuta iliyonse inali ndi mzere wakewake umene inkawerenga poyaka, wosaonekera kwa ife otayipa. Yathu yatsopanoyo anailembera tikuona: MALO=MITUNDU. Ya alamu inali nawo kale wake wa NATHENJE.

"Kafayiloka kalibe kwawo," anatero akatswiri. "Chodziwa kwawo ndi kompyuta. Ndiye chonde, makinawa asasamuke osandiuza, chifukwa sasuzumira pawindo. Mukainyamula iyi kupita nayo kwina, izingonenabe kuti ili pa Mitundu, ndipo mwana aliyense wolowa m'menemo akhala wa pa Mitundu."

"Zimenezo n'zodziwikiratu, akatswiri," anatero alamu. Maso awo anali pa sikirini pomwe pankaoneka timitambo. Palibe liwu limodzi lomwe linalowa m'khutu mwawo.

Ndinakhala nayo masabata ochepa kompyuta yoyera ija, ndipo ndinaikonda. Amayi a pamzere ankasinthana posuzumira pawindo kuti aone timitambo. Mwana wathu, amene ankalira akangoona sikelo, achemwali ankamulowetsa kwa ine akatsika, ndipo ankatonthola akuyang'ana utoto wa pa sikirini, kamwa lili pululu.

Fodya atangoyamba kupita ku okushoni, kunabwera uthenga wakuti otithandiza atopa ndi nthambi ziwiri. Imodzi itsekedwa. Yotsala idzakhala ya dera limene ana ake akuvutika kwambiri, ndipo chogamula chidzakhala ziwerengero za m'makompyuta kuyambira nthawi imeneyo kufikira mvula yoyamba. Ife pa Mitundu sitinade nkhawa. Amayi ankabwera kwa ife kuchokera kutali, mpaka midzi ya kumunsi kwa Dzalanyama, ndipo mzere wa sikelo unkazungulira nyumba. Pa Nathenje ankatha ntchito dzuwa lisanafike pamutu, poti ambiri a kumeneko ankapita ndi ana awo ku Nkhoma kapena mtauni. N'zomvetsa manyazi kunena, koma tinkadalira kuonda kwa ana athu kuti kutisungire phala.

Sabata yomweyo alamu anatulukira pa galimoto ya bungwe atamanga tayi, kumbuyo atakweza kompyuta yawo yobuula ija itakulungidwa m'chiguduli.

"Mlamu, zimitsani makinawo. Akupita ku likulu."

"Likulu liti, alamu?"

"La nthambi zonse. Kumene kuli ine."

"Akatswiri anati asasamuke osawauza."

"Bwana wanu ndi akatswiri kapena ine? Nthawi yoopa aliyense inapita, mlamu, ino ndi demokalase. Alendo akaima pa Nathenje amafuna kuona chitukuko, osati chinthu chobuula ngati nkhumba. Kuno kumabwera ndani? Azimayi opanda nsapato?"

Ndinawakumbutsa za mzere uja wa MALO. Anakupiza dzanja ngati akuthamangitsa ntchentche.

"Ndadzera nayo mtauni yakaleyi, aikonza kale. Pobwerera ndidzeranso ndi yatsopanoyi. Mukundiyesa mwana?"

Galimoto yochoka pa Nathenje kudza kwathu inkadzeradi mtauni, choncho bodzalo linakhala bwino m'makutu. Dalaivala anadzandiuza patapita nthawi kuti mtauni anaimadi, popita ndi pobwera pomwe, koma pa bala ina ya kuseri kwa depoti.

Kompyuta yatsopano anaikulunga m'bulangete la namwino n'kulowa nayo kumpando wakutsogolo, iwo eni ataifungatira pachifuwa. Tsikulo mwana wawo anali pamzere wa sikelo, kumsana kwa mayi ake. Sanamunyamule. Anangomugwira kachala podutsa n'kunena kuti, "Bwana wamng'ono, mukukula." Mwanayo anali asanakule ngakhale pang'ono kuyambira chikuku.

Kuchokera pamenepo mpaka mvula ndinatayipa pa zilembo zobiriwira. Makina akalewo ankagwira ntchito bwino lomwe, kubuula kokhako. Pa sikirini sipankaoneka dzina la dera, poti cholinga cha akatswiri chinali chakuti otayipa asalikhudze n'komwe. Linkangodindidwa mkati mwakachetechete. Mwezi ukatha ndinkakopera zonse pa disiketi n'kulembapo ndi cholembera kuti Mitundu, zilembo zikuluzikulu. Koma mtauni panalibe wowerenga za cholembera. Ankangothira madisiketi onse awiri mu kompyuta yaikulu, yomwe inkasanja ana motsata chidindo cha mkati. Choncho mwana aliyense wa kumunsi kwa Dzalanyama amene ndinamulowetsa ndi zala zanga anakafika mtauni ali wa pa Nathenje, wathu yemwe. Ndipo ana ochepa a masaya odzadza a pa Nathenje anakafika ali a pa Mitundu.

Ndinapitako kamodzi pa Nathenje m'miyezi imeneyo kukatenga madisiketi atsopano. Ndinapeza kompyuta yathu itavekedwa kansalu koluka, pamwamba pake pali botolo la maluwa apulasitiki. Alamu anali ataphunzira chinthu chimodzi chokha pa makinawo, masewera osanja makhadi, ndipo mlendo akalowa ankagogoda mabatani mwamphamvu atachita tsinya. Wotayipa wawo ankakhala pabenchi kudikira kuti abwana atope kaye. Alamu anandifunsa ngati ndikufuna kuigwira pang'ono, poti mwina ndaisowa. Za mwana sanafunse.

Mvula itagwa, anatiuza kuti tisese pabwalo ndi kupaka miyala laimu, kukubwera akuluakulu. Chifukwa chake sanatiuze. Amayi a sikelo anauzidwa kuti abwere ndi zitenje zochapa adzaimbe. Anali amayi omwe aja amene zaka zochepa m'mbuyomo ankaimbira chipani chimodzi, ndipo nyimbo zinali zomwezo, anangochotsamo dzina lakale n'kuikamo la bungwe. Kunabwera mkulu wa bungwe, amene anali mayi wamagalasi wonunkhira mafuta okwera mtengo, ndi mzungu mmodzi wa otithandiza aja, wofiira ndi dzuwa. Pambali pawo panali alamu, kakhadi kawo pachifuwa, atanyamula chikwama chomwe ndikudziwa kuti munalibe kanthu.

Mkulu wa bungwe anaimika chipepala chachikulu chokhala ndi mizere iwiri, wina wotsika wina wokwera. Anati anthu a pa Mitundu tizinyada. M'miyezi yochepa chabe ana onyentchera atsala pang'ono kutheratu m'dera lathu, ndipo nkhani yathu yalembedwa m'lipoti lomwe lapita kunja. Pa Nathenje ndi pomwe zinthu zaipa modabwitsa. Choncho nthambi ya pa Mitundu yamaliza ntchito yake mwaulemu, ndipo thandizo lonse lipita kumene likufunika. Wina anayambitsa nthungululu, amayi n'kuomba m'manja, ana a tsitsi lofiirira akugwedezeka kumsana kwawo. Mzungu uja ankajambula zithunzi. Ana anali pomwepo, mikono ngati bango, koma mwa akuluakulu onsewo panalibe wochotsa maso pa chipepala. Alamu nawo analankhula. Anati monga woyang'anira, ndiponso monga mkamwini wa dera lino, mtima wawo wadzadza, ndipo anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso mouma. Pomaliza akuluakuluwo anatipatsa satifiketi ya m'felemu.

Galimoto zitapita, amayi anandizungulira. Ambiri sanamve bwino zimene ankaombera m'manja. Mmodzi, wochokera kutali kwambiri, anandigwira pamkono n'kufunsa kuti, "Ndiye sikelo tibwere tsiku lomwe lija, achemwali?" Achemwali anga anali kumbuyo kwa onse, ndipo iwo anali atamva bwinobwino.

Ine ndinali nditatayipa kulemera kwa ana amenewo mmodzimmodzi, choncho chipepala chija sichikanandinamiza. M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku ofesi yaikulu. Nditafunsa akatswiri ngati alamu anadzera kwa iwo ndi makompyuta, anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Anabwera nane pa Mitundu tsiku lomwelo. Anayatsa makina obuula aja n'kutayipa liwu limodzi lalifupi, ndipo pakati pa mizere yobiriwira panatuluka wakuti MALO=NATHENJE. Anakhala pansi manja ali kumutu. "Ndinanena ine," ankangobwereza choncho, "ndinanena." Zoona ananena. Koma miyezi yonseyo ziwerengero zinkadutsa patebulo pawo, dera lina likuchira mozizwitsa lina likugwa, ndipo sanafunse kanthu, poti mabwana anali atakondwa kale.

Tinapita limodzi kwa mkulu wa bungwe. Akatswiri anafotokoza maso ali pansi. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, anavula magalasi, n'kufunsa kuti wina akudziwa ndani.

"Palibe, mayi," anayankha akatswiri.

"Zikhale choncho. Lipoti lapita. Tikawalembera kuti tinasokoneza madera awiri okha omwe tili nawo, atseka zonse, ndiye phala silipezeka ngakhale pa Nathenje. Mukufuna zimenezo?"

Ndinati ana omwe lipotilo likuwatcha a pa Nathenje ali kwathu, ndipo amayi awo sangakwanitse ulendo umenewo.

"Madzi akatayika saoleka, mwanawe," anatero, n'kuvalanso magalasi.

Mayiyo anaitanitsa alamu, ndipo ndinayembekezera kuti mwina ntchito iwathera. Ndinali chitsiru. Munthu amene ntchito yake tsopano inali yotchuka kunja sakanachotsedwa. Anawadzudzula ndi mawu ofewa odzudzulira mwana amene wataya tiyi. Atatuluka m'chipindamo anandipeza pakhonde, akukonza tayi.

"Mwaona, mlamu? Mulungu akafuna kukupatsa, amadzera ngakhale m'makina."

Ndinameza mkwiyo chifukwa cha mwana. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti pobwera kumudzi azitengera mwana wawo kathumba ka ufa wa phala. Anaimika chala.

"Malamulo salola phala kutuluka m'dera lake. Mukufuna andichotse ntchito?"

Munthu yemwe anasamutsa makina a bungwe ngati mbuzi za kwawo anali atasanduka msungi wa malamulo. Sikuti ankaopa. Anali ataona kuti chimene atsibweni anawakaniza zaka zonsezi tsopano chikubwera chokha. Ndinawanyoza tsiku limenelo pakhonde lija, ndipo ndimawanyozabe mpaka lero. Abusa anandiuzapo kangapo kuti ndikhululuke, ndipo ndimawayankha kuti ndikuyesa.

Nthambi inatsekedwa m'nyengo yoipitsitsa, nkhokwe zitapepuka, chimanga cha m'munda chisanabereke. Matumba a ufa otsala alamu anawatsekera m'chipinda, kiyi n'kupita naye pa Nathenje, poti ufawo tsopano unali wa dera lina. Ife tinayesa. Achemwali anasinja mtedza wambewu, anagulitsa nkhuku kuti agule soya pamsika wa Mitundu, ine ndinagula mkaka waufa. Mwana ankadya pang'ono n'kutembenuza nkhope. Kaya munali chiyani m'phala la bungwe lija, kwathu sitinachipeze. Mapazi ake anayamba kutupa. Namwino wathu, amene anali akumanga katundu kuti azipita kwawo, anamudina paphazi ndi chala, kadzenje n'kutsalira, ndipo anauza achemwali kuti asachedwe.

Atsibweni anaitanitsa alamu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amayi, ndipo alamu anabwera ndi mpando wawo wopinda wa ku ofesi, kuopa kudetsa thalauzi.

"Akamwini," anayamba atsibweni, "mwana ndi wanu, ufa uli m'manja mwanu. Chovuta n'chiyani?"

"Chovuta palibe, atsibweni. Phala lili pa Nathenje. Mwana abwere pa Nathenje ndi mayi ake, adya mpaka kukhuta. Ine ndakhala ndikupempha mwaulemu nthawi yonseyi."

"Nanga munda wake ausiyira ndani? Mbumba yathu sichoka pano."

"Ndiye mwanayo mumudyetse mwambo."

Amayi anaphimba kumaso ndi chitenje. Ine ndinafuna kuyankha, ndipo mawu ake ndinali nawo, koma achemwali anandigwira bondo. Analankhula okha, osayang'ana amuna awo ngakhale pang'ono.

"Atsibweni, ndipita. Sindikutsata munthu, ndikutsata phala."

Galimoto yomwe inabwera kudzatenga katundu wa nthambi ndiyo inatenganso achemwali. Anakweza mabenchi, sikelo, matumba a ufa aja, ndi kompyuta yobuula. Satifiketi yokha anatisiyira, poti inali yathu. Alamu anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Achemwali anakwera kumbuyo, mwana kumsana, mtolo wa zovala ndi mapoto pamapazi. Galimoto isananyamuke alamu anatulutsa mutu pawindo.

"Mayi a mwana, makinawo muwagwire pamiyendo, msewu ndi woipa. Ndi katundu wa bungwe ameneyo."

Anawagwira. Ndinawaona akukhota pa msika, dzanja lina lili pa kompyuta, lina kumbuyo likuchirikiza mutu wa mwana. Amayi sanatuluke m'nyumba tsiku lonse.

Akatswiri anadzapita pa Nathenje mwakachetechete, osauza aliyense, n'kukonza mzere uja mu kompyuta yoyera. Anafufuta MITUNDU n'kulembapo NATHENJE, ntchito yoti munthu wosenda nthochi sanamalize iwo atha kale. Choncho mwana wathu atapachikidwa pa sikelo kumeneko, makina anamudinda kuti ndi wa pa Nathenje, ndipo ulendo uno sananame.

Mwanayo anachira. Ndinene zimenezo poyera, phala linamudzutsa, ndipo pofika nthawi yokolola anali akuthamanga. Za ana ena a pamzere uja, a kumunsi kwa Dzalanyama, sindidziwa zonse, ndipo zomwe ndikudziwa sindifuna kuzilemba pano. Bungwe linatha patapita zaka zochepa, monga ankathera mabungwe a nthawiyo. Alamu anapeza lina, kenaka anayesa za ukhansala, kenaka anapeza mkazi wina. Achemwali sanabwerere. Anali atayamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa tala, ana ena anabadwira komweko, ndipo kuno munda wawo unagawidwa kwa ena. Nyumba yomwe alamu sanaifolere ija inagwa ndi mvula. Galasi la satifiketi amayi anatsekera pawindo la kukhitchini.

Patapita zaka zambiri, atsibweni atamwalira, achemwali anali akudwala miyendo, choncho anatuma mwana uja. Anafika masana, bambo wandevu, wamtali, wa mapewa otambalala, ndipo ndinamuzindikira atangolowa pabwalo. Pa maliro a atsibweni, mwana wa mbumba sakhala mlendo. Ndi mwini maliro, woti alandire anthu ndi kuuza adzukulu pokumba. Ndinali nditasenza ndowa ya madzi, ndipo ndisanaitule kuti ndimufikire, mayi wina wachikulire wa m'mudzi woyandikana nawo anamupatsa moni n'kumufunsa kwawo.

Anali ataima pafupi ndi chulu cha nyumba yakugwa ija, pomwe mchombo wake unakwiriridwa. Anavula chipewa, poti mayi ake anamulera bwino.

"Kwathu ndi ku Nathenje, amayi. Kuno ndangobwera kudzapepesa."

Anamuonetsa benchi la alendo, ndipo anakakhala.